Kuyambitsa Dimba la Pasukulu Pakati pa Anavajo

Dera la Navajo Nation, lomwe lili m'zigawo za Arizona, New Mexico ndi Utah ku America, ndi lalikulu, koma masitolo ogulitsa masamba ndi zipatso ndi owerengeka, ndipo matenda a shuga ndi ofala. Mu 2014 atsogoleri a Anavajo anavomereza lamulo la Healthy Diné Nation Act loika msonkho wa 2 peresenti pa zakudya zopanda phindu m'thupi. Komatu msonkho suphunzitsa mwana kukonda dzungu. Dimba la pasukulu lingathe kutero, malinga zokolola zake zikafike mumphika wa kunyumba.

Choyamba, pimitsani dothi ndi madzi, chifukwa m'derali muli migodi ya uranium yoposa 500 imene inasiyidwa. Dothi likakhala lokayikitsa, khomani mabedi amatabwa, muthiremo dothi labwino losakaniza ndi manyowa a nkhosa owolerana. Chachiwiri, yalani mapaipi odontheza madzi patsinde pa mbewu, ndipo mangani mpanda wotchinga mphepo, akalulu ndi ziweto. Chachitatu, kapempheni mbewu ndi nzeru kwa agogo: chimanga chabuluu, nyemba, maungu ndi mavwende zinazolowera kale nthaka youmayi. Bzalani chisanu chikatha, chakumapeto kwa Meyi.

Ena anganene kuti nthawi imeneyi ndi imene sukulu zimatsekera, choncho mbewu zidzauma, ndiponso kuti mabanja ambiri alibe mipopi, amakatunga madzi patali pagalimoto. Nkhawazi n'zomveka, koma zikungotiuza kuti dimbalo liyambe laling'ono ndipo likhale la makolo kuyambira pachiyambi. N'chifukwa chake, chachinayi, gawanani masabata a tchuthi ana asanatsekere, banja lililonse lidziwe sabata yake yothirira ndi kupalira. Mabedi ochepa osamalidwa bwino amaphunzitsa zambiri kuposa munda waukulu wodzaza tchire.

Chachisanu, phikani zimene mwakolola. Ana akabwerera mu Ogasiti, akathyole okha maungu, kenako agogo awaonetse kukonza phala la chimanga chabuluu: kusefa phulusa la mtengo wa juniper, kulithira m'madzi owira ndi kutakasa ufa pang'onopang'ono kuti usachite zibuluma. Phulusali limawonjezera calcium wolimbitsa mafupa. Mwana amalawa msanga chimene wabzala yekha.

Aphunzitsi ndi makolo, musalole zonsezi kuthera pasukulu. Patsani mwana aliyense mbewu zouma kuti chaka chamawa akabzale kwawo.