Kuchokera Kuchipatala Kukafika Pantchito: Malangizo kwa Ophunzitsa Kompyuta

Munthu akatulutsidwa m'chipatala cha Zomba Mental, kapena kwa a St John of God ku Mzuzu, mutu wake utakhazikika ndipo mawu aja ankamulankhula m'makutu atatonthola, abale ake amayamika Mulungu nati vuto latha. Koma iwo amene asamala odwala otere nthawi yaitali adziwa kuti pamenepo m'pamene pamayambira vuto lina losaoneka ndi maso, pakuti munthuyo, angakhale anali kalaliki kapena mwana wa Fomu 4 wanzeru zake, amangoti khale pakhonde kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litalowa, osatumidwa ngakhale kuchigayo, mpaka iye mwini ayamba kukhulupirira kuti alibenso gawo pakati pa anthu. Malangizo awa ndalembera inu akumpingo, inu anamwino, inu aphunzitsi ndi inu abale amene mwaganiza zosonkhanitsa makompyuta awiri kapena atatu m'chipinda kuti muphunzitse anthu otere. Ndipo ndinene pachiyambi pomwe kuti chimene muyenera kulinga ndicho ntchito yeniyeni ya malipiro, popeza satifiketi yokhayokha, ingakongole chotani pakhoma, sigula sopo.

Musanagule ngakhale chingwe chimodzi cha magetsi, nkoyenera kumva zimene adapeza amene adatitsogolera, pakuti safunsa adadya phula. M'chaka cha 1948, mumzinda wa New York, anthu ena amene adagonapo m'chipatala cha Rockland State adatsegula nyumba yotchedwa Fountain House. Ndipo John Beard atayamba kuitsogolera mu 1955, adakhazikitsa mwambo wakuti tsiku lonse lizikhala la ntchito, ena kuphika, ena kuyankha lamya, ena kutayipa makalata, mamembala ndi olembedwa ntchito ali pamodzi. Pambuyo pake adayamba kupangana ndi makampani a mumzindamo kuti malo ena a ntchito akhale a nyumbayo, membala azigwirapo theka la tsiku kwa miyezi 6 kufikira 9 nalandira malipiro ofanana ndi a wina aliyense, ndipo tsiku limene walephera kudzuka, wina wa m'nyumbamo apite kukamugwirira, kuti mwini kampani asataye kanthu. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Deborah Becker ndi Robert Drake a ku New Hampshire adakonza njira ina yotchedwa IPS, imene maziko ake ndi akuti wofuna ntchito asakanidwe chifukwa cha dzina la nthenda yake, ndiponso asasungidwe zaka m'makalasi okonzekera, koma mwezi usanathe akhale ataonana ndi wolemba ntchito, zotsalazo akaphunzirire komweko, womuthandiza ali pafupi. Kafukufuku wa m'maiko ambiri waonetsa kuti mwa othandizidwa motere, opeza ntchito amachuluka koposa kawiri poyerekeza ndi aja ophunzitsidwa nthawi yaitali asanayesedwe.

Kwathu kuno ntchito zolembedwa n'zosowa, ngakhale a madigiri akuyendayenda ndi maenvelopu m'khwapa, chotero sitingatengere zonsezi monga zilili; koma mfundo yake igwira paliponse, yakuti phunziro likhale lalifupi, lolunjika pa ntchito imene munthuyo wasankha yekha, ndipo chithandizo chisathe tsiku limene walembedwa.

Choyamba tsono, khalani pansi ndi munthuyo, nimumufunse chimene mtima wake ufuna. Zimenezi zimveka zapafupi, koma ambiri amaphonya pomwepa, chifukwa chizolowezi chathu n'chofunsa gadiyani wodwala ali chete pambali, monga ngati alibe pakamwa. Mufunseni mwini wake ntchito imene adagwirapo, sukulu imene adalekezera, nthawi imene mutu wake umakhala wopepuka, ndi tsiku lake la kuchipatala. Ndipo mukazolowerana, mufunseninso modekha zizindikiro zimene zimayamba kuoneka matenda akafuna kubwerera, popeza munthu aliyense ali ndi zake, wina kusowa tulo usiku uwiri kapena utatu, wina kulankhula kosalekeza, wina kudzitsekera m'nyumba, wina kuyamba kukayikira anzake. Zimenezi mulembe papepala limodzi pamodzi ndi dzina la amene iye afuna kuti adzaitanidwe zinthu zikadzavuta, ndipo pepalalo lisungidwe pobisika. Ngati avomera, ndipo pokhapokha atavomera, dziwanani ndi namwino kapena dokotala amene amamuona, kuti inu ndi achipatala muziyenda njira imodzi. Mutu umodzi susenza denga.

Chachiwiri chidzadabwitsa ena: funafunani ntchito musanakonze maphunziro. Yendani pamsika panu ndi m'maofesi oyandikana nanu, muone ndi maso ntchito zimene kompyuta ikugwira kapena ikadagwira. Pali timaofesi totayipa ndi kupanga fotokope pafupi ndi boma ndi makhoti. Pali masukulu ofuna wolemba mayina a ana ndi malikisi awo. Pali mipingo yosowa wotayipa malipoti ndi ndondomeko za maukwati. Pali magolosale amene eni ake sadziwa katundu watsala wochuluka bwanji. Pali ma SACCO ndi magulu a banki m'khonde amene mabuku awo akadali a bolopeni. Mukabwerako mudzapeza kuti wophunzira wanu safunika kudziwa zonse za m'buku lalikulu la kompyuta, koma zinthu zitatu kapena zinayi zokha, azidziwe bwino lomwe: kutayipa kalata mu Word, kulemba katundu ndi kuwonkhetsa mu Excel, kusunga fayilo poti adzaipezenso, ndi kusindikiza. Ngati mulibe ndalama zogulira mapulogalamu amenewa, LibreOffice ndi yaulere ndipo imagwira ntchito zomwezi, ngakhale pa kompyuta yakale.

Chachitatu ndicho kukonza chipinda ndi nthawi, ndipo apa ndichedwapo pang'ono, chifukwa aphunzitsi ambiri abwino amaweruza ophunzira awo kuti ndi aulesi pamene cholakwa chili pa mankhwala. Chlorpromazine amagonetsa, amaumitsa kukamwa, ndipo nthawi zina amachititsa maso kuona mwachimbuuzi. Haloperidol ndi jakisoni wa fluphenazine, amene ambiri amabayitsa pamwezi, angathe kuumitsa minofu, kunjenjemeretsa manja, ndiponso kupatsa munthu kusakhazikika kwa miyendo kotero kuti sangathe kukhala pampando nthawi yaitali angakhale afunitsitsa. Munthu wotere mukamuika m'kalasi la 7 koloko m'mawa, maola atatu osapuma, mwamugwetsa musanayambe. Yambani chakumasana kapena nthawi imene iye wanena. Phunziro lisapitirire mphindi 45 musanapumule. Pakhale madzi akumwa. Ndipo wofuna kudzuka kukawongola miyendo adzuke popanda kupempha. Gulu likhale la anthu anayi kapena asanu, m'chipinda chopanda wailesi ndi anthu olowalowa, ndipo amene sakonda kuti wina azidutsa kumbuyo kwake mumpatse malo otsamira kukhoma.

Kompyutanso ili nazo njira zochepetsera mavuto amenewa, zimene ambiri sazidziwa. Kwa wonjenjemera manja, chepetsani liwiro la mausi, nimutsegule Filter Keys, imene imanyalanyaza batani lodinidwa kawiri mwangozi, ndi Sticky Keys, imene imalola kudina Shift kenaka chilembo, m'malo mogwira zonse nthawi imodzi. Kwa wosaona bwino, kulitsani zilembo. Popeza magetsi athu amathima osatsazika, laputopu yokhala ndi batire labwino iposa kompyuta ya patebulo, ndipo Ctrl ndi S, zosungira ntchito, zikhale phunziro la tsiku loyamba, pamodzi ndi Ctrl ndi Z zobwezera cholakwika, pakuti munthu amene wauzidwa zaka zambiri kuti amaononga zinthu amalimba mtima akaona kuti pano cholakwa chimafafanizika. Koma chenjerani ndithu: inu sindinu dokotala. Wophunzira akadandaula za kunjenjemera kapena tulo, musamuuze kuti adumphe mapiritsi. Mulimbikitseni akafotokoze kuchipatala, kumene angathe kumusinthira mlingo, kapena nthawi yomwera, kapena kumuonjezera benzhexol wofewetsa minofu.

Pophunzitsa, perekani chinthu chimodzi panthawi, muonetse inu poyamba, kenaka achite yekha, ndipo manja anu akhale kumbuyo. Mphunzitsi wolanda mausi kuti afulumize amaphunzitsa wophunzira kudikira ena. Matenda ena, makamaka schizophrenia, amachepetsa mphamvu yogwira zinthu zambiri m'mutu nthawi imodzi, chotero lembani njira iliyonse pakakhadi m'Chichewa, mizere inayi kapena isanu, nimukamate pambali pa sikirini. Musaope kubwereza, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo kuyambira sabata yachiwiri lekani kutayipitsa ziganizo zopanda mwini, mubweretse ntchito yeniyeni, monga ndondomeko ya mapemphero a Lamulungu kapena mndandanda wa masheya a banki m'khonde, kuti wophunzira aone pepala lake lili m'manja mwa anthu amene alifuna. Amene wadziwa msanga aphunzitse mnzake. Miyezi iwiri kapena itatu njokwanira, ndipo amene mtima wake uli pa satifiketi yodziwika angathe kupitiriza ku sukulu yovomerezedwa ndi TEVETA ali kale pantchito.

Za intaneti ndinene mwachidule. Imelo ndi kutumiza CV aphunzire, koma muwauzenso mosabisa za akuba a pafoni amene amapempha nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba, ndi za juga ya pafoni, imene ndi msampha woopsa kwa munthu amene matenda ake amabwera ndi chisangalalo chopyola muyeso ndi kumwaza ndalama. Amene amavutika ndi maganizo akuti anthu akumulonda musamukakamize kulowa pa Facebook kapena kuyatsa kamera.

Chachinayi, pitani kwa olemba ntchito, ndipo mupite ngati munthu wobweretsa thandizo, wosapempha zachifundo. Muyambe mwamva vuto lawo, kenaka munene kuti, "Bambo, ndili ndi mnyamata wodziwa kulemba katundu mu kompyuta, mukalola adzabwera masana katatu pasabata, ndipo ine ndidzakhala naye masiku oyamba." Kuulula za matenda n'kwa mwini wake, ndipo inu mulibe ufulu wonena kanthu iye asanalole. Kambiranani naye ubwino ndi kuipa kwake: akaulula, angathe kupempha poyera tsiku la kuchipatala ndi kuyamba mochedwerapo, koma angakumanenso ndi tsankho; akabisa, adzafunika kupeza chonena mwezi uliwonse pokabayitsa. Ambiri amasankha njira yapakati, kungonena kuti ali ndi matenda ofuna kuonana ndi dokotala pamwezi, ndipo m'mawu amenewa mulibe bodza. Mudziwenso kuti lamulo lili kumbali yake, pakuti Employment Act ya chaka cha 2000 imaletsa kusala wantchito chifukwa cha ulumali, ndipo pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, limene Malawi adalivomereza mu 2009, limawerengera ndi amene ali ndi matenda a m'maganizo okhalitsa. Komabe lamulo musayambe nalo pakhomo la munthu, chifukwa bwana wolemba wina mwamantha amafuna mpata womuchotsa. Malipiro mukambirane tsiku loyamba lisanafike. Alipo anthu amene amasangalala kupeza wotayipa waulere namatcha zimenezo kumuthandiza. Kumene kulibe wolemba ntchito, awiri kapena atatu angathe kubwereka kompyuta ndi pirinta ya gulu lanu, natsegula kabenchi kawo kotayipa, inu mukuwathandiza kusunga buku la ndalama.

Chotsiriza, chimene ambiri amachisiya atatopa, ndicho kukhala naye atayamba ntchito. Sabata yoyamba mumuperekeze, muone njira ya minibasi, muone pamene adzadyera, mumudziwitse kwa mmodzi wa antchito amene angamufunse zinthu popanda manyazi. Pambuyo pake muzimuimbira kapena kumuyendera, poyamba sabata ndi sabata, kenaka mwezi ndi mwezi, nimufunse makamaka za tulo, popeza kusowa tulo ndiko kawirikawiri kumatsogolera zina zonse. Ochita bwino pantchito amayesedwa kuganiza kuti achira ndipo mankhwala safunikanso, nthawi zina atalimbikitsidwa ndi abale kapena opemphera nawo; mawu anu pamenepo akhale amodzi ndi a achipatala. Mungamulumikizenso ndi bungwe la MEHUCA, la anthu amene adwalapo matendawa ndi owasamalira, kuti amve kwa anzake oyenda njira yomweyo.

Matenda akabwerera, tulutsani pepala lija mudalemba pachiyambi, muitane amene iye adatchula, mumuperekeze kuchipatala msanga, ndipo ngati adalola kuti bwana adziwe, kapempheni kuti malo ake asungidwe, wina wa m'gulu lanu akugwirira monga ankachitira a Fountain House. Ntchito ikatha ndithu, kaya wachotsedwa kaya wasiya yekha, musamubwezere ku phunziro loyamba la kiyibodi. Akapeza bwino khalani nayenso pansi, mufunse chimene chidamulemera, kaya ndi phokoso, kaya kudzuka m'mamawa, kaya bwana wolalata. Mulembe miyezi imene wagwirayo pa CV yake, ndipo sabata yotsatira muyambenso kuyenda pamsika kufunsa amene akusowa wotayipa.