Mfumu ndi Wansembe

Kale ku Ulaya mafumu anagawira nduna zao maiko, ndipo nduna zinabwezera msonkho ndi asilikari. Koma Mpingo unali nayo mphamvu yaceyace: m'caka ca 1077 mfumu Henry IV inaima masiku atatu m'cisanu ku Canossa, kupempha cikhululukiro kwa Papa Gregory VII.

Kwa Acewa kunali cimodzimodzi. Undi, pokhala ku Mano, analandira mtulo wa minyanga ya njobvu kwa mafumu ace ang'ono. Koma pakusowa mvula anatumiza amithenga kwa Makewana ku Msinja. Mafumu a ku Chadiza, monga Zingalume ndi Mlolo, ali pansi pa Gawa Undi kufikira lero.

Potero tiphunzira kuti mfumu ilamulira dziko, koma mvula siilamulira; nayonso iyenera kudzicepetsa.