ZA UMOYO: Wodwala Shuga Acepetse Nsima, Asaileke

Kale kunenepa kunali cizindikiro ca ulemu ndi cuma. Lero anthu a zaumoyo akucenjeza kuti thupi lolemera kwambiri limaitana matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo wa mu 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa anai alionse m'Zambia ndi wonenepa mopitirira muyezo. Mabanja a ku Mfuwe, Masumba ndi Jumbe m'boma la Mambwe nawonso ayenera kusamala.

Nsima, mpunga, buledi, kandolo, cinangwa ndi vitumbuwa zikalowa m'mimba zimasanduka shuga amene amapita m'magazi. Shuga amene thupi silinagwiritse nchito limamsunga monga mafuta. Ufa woyera wa bulekifasiti ulibe gaga, motero mgaiwa, rola kapena ufa wa mapira ndiwo uli bwinoko. Komabe ngakhale mgaiwa ukacuruka umakweza shuga.

Muyezo wake ndi uwu: theka la mbale likhale ndiwo zamasamba monga cibwabwa, bondwe, repu kapena delele. Theka linalo ligawidwe pawiri: mbali imodzi nsomba, kapenta, mazira kapena nyemba, ndipo inayo nsima yosaposa cibakera ca wodyayo.

Kutentha kwa m'Cigwa ca Luangwa kumabweretsa ludzu lalikulu, makamaka mu October. Botolo limodzi la 300ml la zakumwa zotsekemera liri ndi masupuni ang'ono a shuga pafupifupi 8. Maheu ndi thobwa lothira shuga nazonso zimanenepetsa. Madzi ndiwo oyenera. Nthawi ya mango, bango limodzi laling'ono pa nthawi imodzi n'lokwanira.

Munthu wolemera makilogramu 80 akataya 4 mpaka 8 pang'onopang'ono, shuga wake amayamba kutsika. Kuyenda mwandawala mphindi 30, masiku asanu pa sabata, kumathandiza kwambiri.

Cenjezo: amene amabaya jekeseni ya insulin kapena kumwa mapiritsi a glibenclamide asadumphe cakudya. Shuga akatsika kwambiri munthu amanjenjemera, kutuluka thukuta, kumva cizungulire, ngakhale kukomoka kumene. Akadali maso apatsidwe msanga madzi a shuga. Asanasinthe kadyedwe, ayambe waonana ndi anamwino pa kiliniki ya Kakumbi, ya Masumba kapena ku cipatala ca Kamoto, kuti ayezedwe ndi kulangizidwa za mankhwala.

Amai ophika ndi abambo ogula ufa akagwirizana, wodwala sadya yekha pambali, ndipo banja lonse limapindula.