Phunziro 14: Ciburma ndi Cimarwari

Kutsidya kwa Nyanja ya India kuli maiko awiri oyandikana, India ndi Myanmar. Dziko la Myanmar linkachedwa Burma kufikira caka ca 1989. Anthu oposa 30 miliyoni kumeneko amayamwira Ciburma, makamaka m'cigwa ca mtsinje wa Irrawaddy kumene amalima mpunga. Cimarwari cimalankhulidwa kutali cakumadzulo, m'dera louma la Marwar, m'cigawo ca Rajasthan ku India. Mzinda waukulu wa deralo ndi Jodhpur. Kumeneko mvula ndi yocepa, anthu amaweta ngamila ndipo amadya mkate wa mcewere.

Zinenero zili ndi mabanja monga anthu. Cinyanja, Cinyungwe ndi Cisena ndi za banja limodzi. Ciburma ndi Cimarwari si pacibale ai. Abale a Ciburma ndi Cichaina ndi cinenero ca ku Tibet. Abale a Cimarwari ndi Cihindi ndi Cigujarati, ndipo mbale wace wina wakutali ndi Cipwitikizi. Izi zimaoneka pa mau ena. Pamene Mpwitikizi anena "sete", Mmarwari amati "saat". "Dez" ndi "das", "dente" ndi "daant". Koma Mburma akafuna kuchula zisanu ndi ziwiri amati "khunhnit", ndipo dzino amati "thwa". Apa palibe kufanana kuli konse.

Ngakhale zili tero, pokonza ciganizo zinenero ziwirizi zimayenda njira imodzi: mneni amakhala kumapeto. M'Cinyanja mumanenedwa kuti "Mnyamata akudya mkate". Mmarwari amati "Chhoro roti khavai", ndiye kuti "mnyamata mkate akudya". Mburma amati "Thu htamin sa de", ndiye kuti "iye mpunga akudya". Womvera ayenera kudikira mpaka wolankhula amalize kuti adziwe cimene cacitika ndi mkatewo.

Pa kamvekedwe ka mau, Ciburma cimafanana ndi Cinyanja. Mau akuti "mtengo" amatanthauza comera kapena ndalama zogulira cinthu, malinga ndi kukweza kapena kutsitsa kwa liu. M'Ciburma, "nga" wonenedwa motsitsa ndiye "ine". Wonenedwa mokweza ndi motalika ndiye "nsomba", kapenanso "zisanu". Wonenedwa mwacidule, mofinya kukhosi, ndiye "canga". Mlendo wosasamala angathe kudzicha nsomba pamaso pa anthu! Cimarwari sicisiyanitsa mau motero. Ico cimagawa maina kukhala aamuna ndi aakazi monga Cipwitikizi. "Ram ro chhoro" ndi mwana wamwamuna wa Ram, "Ram ri chhori" ndi mwana wace wamkazi. Ciburma cilibe kugawa kumeneku, koma polankhula mwaulemu mwamuna amadzichula "kyanaw" ndipo mkazi amadzichula "kyama".

Zilembo za zinenero zonse ziwiri zinacokera ku zilembo zakale za ku India zochedwa Brahmi, koma lero sizifanana m'maonekedwe. Za Ciburma ndi zozungulira ngati timphete. Kale anthu ankalemba pa masamba a mgwalangwa ndi kacitsulo kosongoka, ndipo mizere yoongoka inkang'amba tsamba. Mwala wa Myazedi, umene unalembedwa ku Bagan ca m'ma 1113, uli ndi nkhani imodzi m'zinenero zinai: Ciburma, Cipyu, Cimon ndi Cipali. Cimarwari cimalembedwa ndi zilembo za Devanagari, zolendewera pa mzere wa pamwamba ngati zobvala pa cingwe. Amalonda a Cimarwari anali ndi kalembedwe kao kofulumira, kochedwa Mahajani, kolembera ngongole ndi katundu.

Amalonda omwewo ndiwo anakumanitsa zinenero ziwirizi. Kuyambira 1886 mpaka 1937 Angelezi ankalamulira Burma yense ngati cigawo ca India, ndipo Amarwari anatsegula masitolo ku Rangoon ndi ku Mandalay. Satya Narayan Goenka anabadwira ku Mandalay m'caka ca 1924, m'banja la Cimarwari. Iye anaphunzira kusinkhasinkha kwa Cibuda kwa mphunzitsi wa Ciburma, U Ba Khin, ndipo mu 1969 anapita kukaphunzitsa zimenezi ku India.

Kusiyana kwakukulu kumaoneka pakhomo la sukulu. Ciburma ndi cinenero ca boma. Mwana wa Ciburma amamva m'kalasi mau omwe amamva kwa amai ace, ndipo mabuku ace amalembedwa m'cinenero comweco. Mwana wa Cimarwari sali ndi mwai wotere. Malamulo aakulu a India ali ndi mndandanda wa zinenero 22 zobvomerezeka, koma Cimarwari mulibe. Pa kalembera wa 2011 anthu oposa 7 miliyoni ananena kuti cinenero cao ndi Cimarwari, koma anawerengedwa pamodzi ndi olankhula Cihindi. Motero mwana wa kumidzi ya ku Barmer, amene kwao amapereka moni wakuti "Ram Ram sa", amapeza mabuku a sukulu ali m'Cihindi. Zinenerozi ndi zoyandikana, koma kwa mwana wa zaka zisanu ndi cimodzi si cinenero cimodzi. M'caka ca 2003 aphungu a cigawo ca Rajasthan anapempha boma la ku Delhi kuti Cirajasthani, cimene cimaphatikiza Cimarwari ndi zinenero zina za m'cigawoco, cilowe mumndandanda uja. Zaka 20 zinatha koma pempholo silinatheke.

Nakonso ku Myanmar si ana onse amene amapindula. Kumapiri ndi kumalire kuli mitundu ina monga Ashan, Akaren, Akachin ndi Achin, ndipo mtundu uli wonse uli ndi cinenero cace. Kwa ana a mitundu imeneyi, Ciburma ndico cinenero cacilendo cimene amakumana naco tsiku loyamba la sukulu.

Mafunso

1. Chulani mau awiri a Cimarwari ofanana ndi a Cipwitikizi.
2. Lembani ciganizo ici monga angacikonzere Mburma: "Agogo akuphika nsima."
3. Pezani mau ena a Cinyanja amene amasintha tanthauzo monga "mtengo".
4. Kodi mwana wa ku Barmer amapeza bvuto lanji akayamba sukulu? Kambiranani awiri awiri.