Dziwani ufulu wanu: umboni wa ukwati pa chuma cha masiye

Maliro asanathe n'komwe, achibale ena amayamba kufunsa mayi wamasiye kuti, "Kodi inu ukwati wanu unamangidwa kuti?" Funso limeneli kawirikawiri limakhala chiyambi cholanda katundu, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti amayi ambiri amangogonja.

Lamulo la chuma cha masiye la 2011 likuti munthu akamwalira osasiya wilu, oyamba kupindula ndi mkazi kapena mwamuna wake pamodzi ndi ana, ngakhale obadwa kunja kwa banja. Kulanda chumacho ndi mlandu.

Komatu kukhoti amafuna umboni. Ngati setifiketi ya ukwati inasowa, musataye mtima. Maparishi a Katolika ndi mipingo ya CCAP amasunga mabuku a maukwati ndi ubatizo, ena olembedwa pamanja kalekale, ndipo m'menemo mumapezeka mayina a makolo ndi mboni. Kapempheni akuyang'anireni. Amene munakwatirana pachikhalidwe, ankhoswe ndi anyakwawa ndiwo mboni zanu, pakuti lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wotere.

Wina akakuopsezani, pitani kwa DC, ku ofesi ya Administrator General kapena ku Legal Aid Bureau musanasayine pepala lililonse.