Mankhwala a khunyu sapha nzeru: musamusiyitse wodwala!

Kwa makolo, agogo ndi nonse amene mukusamalira odwala khunyu ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma.

M'midzi mwathu muno mwafala mphekesera yoti mapiritsi a khunyu amapha nzeru, ati munthu akawamwa nthawi yaitali amasanduka chitsiru. Chifukwa cha bodza limeneli, ena akubisa mapiritsi, ena akudumphitsa masiku, ena akumangopereka tsiku limene mwana wagwa. Mapeto ake mumabwera naye kuchipatala pakati pa usiku akuphupha osaleka, mwinanso atapsa ndi moto. Ife anamwino zimenezi zatikwana, chifukwa n'zopeweka. Musamusiyitse mankhwala!

Ubongo wa munthu umagwira ntchito potumiza mauthenga ndi kamphamvu konga ka magetsi. Munthu akagwa khunyu ndiye kuti mphamvu imeneyi yabuka yonse pakamodzi, mopanda dongosolo. Mankhwala monga phenobarbitone, carbamazepine, phenytoin ndi sodium valproate ntchito yake n'kuziziritsa ukali umenewu kuti ubongo ukhazikike. Amagwira ntchito pokhapokha akamapezeka m'magazi tsiku ndi tsiku. Si mankhwala omwa pamene munthu wagwa kale ayi.

Sitikubisirani: poti mankhwalawa amakhazika pansi ubongo, masabata oyamba wodwala angamagone kwambiri, kumva chizungulire, kuchedwa kuyankha kapena kuiwalaiwala. Ana ena akamamwa phenobarbitone amavuta, sakhala malo amodzi. Mphekeseraitu yachokera pamenepa. Koma kuwodzera si kutha nzeru. Kwa ambiri zimenezi zimachepa thupi likazolowera. Zikapitirira, kapena aphunzitsi akadandaula kuti mwana akungogona m'kalasi, bwerani mutiuze. Adokotala angathe kuchepetsa mlingo, kusintha nthawi yomwera kuti azimwa pogona, kapena kumupatsa mtundu wina. Zonsezi zimachitikira kuchipatala, osati pakhonde pomvera malangizo a aneba.

Nanga chimene chimawonongadi nzeru n'chiyani? Ndi kugwa pafupipafupi, makamaka kuphupha kotenga nthawi yaitali. Ndi kumenyetsa mutu pansi kaŵirikaŵiri. Nthawi zina ndi matenda amene anayambitsa khunyulo, monga malungo aakulu, matenda oumitsa khosi, kapena kubanika pobadwa. Ndiponso mwana amene mwamusiyitsa sukulu n'kumutsekera m'nyumba chifukwa cha manyazi, angaphunzire bwanji? Mawa mudzati mapiritsi ndiwo amupusitsa, chikhalirecho munamumana mwayi ndinu nomwe.

Tikubwerezanso: musamusiyitse mankhwala. Kusiya mwadzidzidzi n'koopsa kuposa mmene ambiri mumaganizira. Munthu amatha kugwa motsatizanatsatizana osatsitsimuka, ndipo ena amamwalira. Ngakhale mwapita naye kumapemphero, ngakhale akuluakulu a pabanja anena zopita kwina, mapiritsi asalekeze. Ngakhale papite miyezi asanagwe, si kuti wachira. Ndi mankhwalawo akugwira ntchito. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati odwala khunyu okwana 7 mwa 10 alionse angathe kukhala osagwanso akalandira chithandizo choyenera. Wodwala akatha zaka zosachepera 2 osagwa, adokotala ndiwo amaunika ngati n'kotheka kuyamba kuchepetsa pang'onopang'ono. Adokotala, osati inu.

Pali zina zofunika kutiuza msanga. Amene akumwa carbamazepine, phenytoin kapena phenobarbitone akatuluka zidzolo, matuza kapena zilonda m'kamwa, abwere tsiku lomwelo. Amayi ndi atsikana, sodium valproate ingathe kuvulaza mwana wosabadwa, choncho kambiranani ndi adokotala musanatenge pakati. Mukazindikira kuti ndinu oyembekezera, thamangirani kuchipatala koma osasiya panokha. Ena mwa mankhwalawa amafooketsa mapiritsi olera ndi njira yolera ya pamkono, komanso amasokonezana ndi ma ARV. Nenani zonse zimene mukumwa. Mowa, kaya ndi kachasu kaya masese, wodwala khunyu asalawe.

Munthu akagwa, muchotseni pafupi ndi moto kapena madzi, mugonekeni chammbali, ndipo musamuike supuni, chala kapena madzi m'kamwa. Khunyu silipatsirana, malovu ake sangakudwalitseni, choncho musathawe. Zikapitirira mphindi 5, kapena akagwanso asanatsitsimuke, fulumirani naye kuchipatala.

Popewa khunyu, gonani m'masikito, chilirani kuchipatala, sambani m'manja mukachoka kuchimbudzi, phikani nyama ya nkhumba mpaka ipse, ndipo valani chipewa pa njinga yamoto.

Ngati munamusiyitsa kale mankhwala, musachite mantha kubwera, ndipo musayambirenso panokha. Tengani kabuku kake ka kuchipatala mupite ku St Gabriel's ku Namitete, kuchipatala cha Kabudula, cha Nsaru, cha Nambuma kapena china chimene muli nacho pafupi. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu angakuthandizeninso. Ndipo muzibwera kudzatenga mapiritsi ena akale asanathe, osadikira kuti wodwala agwe kaye.