Masipika Akulira M'galimoto

Kalata yathu lero yachokera kwa bambo wina wa ku Ndirande. Akuti chiikireni wayilesi yatsopano m'galimoto, masipika akumalira ngati udzudzu, ndipo akaponda moto kulirako kumakwera.

Bambo a ku Ndirande, musathamangire kugula masipika ena ayi. Phokoso lotsatira injini chonchi kawirikawiri limachokera ku alternator, ndipo limalowa waya wakuda wa wayilesi akapanda kugwira bwino. Yambani mwachotsa waya wa batire. Kenako palani penti ndi dzimbiri pachitsulo cha galimoto mpaka chiwale, mumangirepo waya wakudawo ndi bawuti, mothinitsa ndithu. Phokosolo likapitirira, talikitsani mawaya a mawu ndi a magetsi, asayendere limodzi.

Omvera nonse, chonde, zongopota mawaya n'kukulunga selotepi zisiyeni, zingakuotchereni galimoto.